Tsiku Limene Kulani Anakalambitsa Bambo Ake

Kulani anafika pa geti la chipatala akukankha chikuku cha odwala chobwereka, napeza bambo ake atafika kale. Anali atakhala pamwala, akutafuna balere wokazinga ngati munthu amene akudikira mnzake wopita naye kumsika. Matope ofiira anali atalekeza m'mawondo.

"Ababa, ndinakuuzani chiyani ine? Sindinati mukwere basi?"

"Basi ndinaiona," anatero a Wakjira. "Ndinaipeza itatitimira pa mlatho paja. Ndinawathandizako kukankha pang'ono, kenako ndinaona kuti achedwa."

"Munakankha basi? Ndi mimba imeneyo?"

"Sindinakankhe ndi mimba, mwana iwe. Ndi phewa."

A Wakjira anali mlimi wa njuchi. Ming'oma yawo inali pamwamba pa mitengo italiitali ya m'nkhalango, kumapiri, ulendo wa maola anayi kuchokera m'tauni. Kwa zaka ziwiri anali ndi chotupa m'munsi mwa mimba, chimene madokotala ankati ndi matumbo amene anapeza pong'ambika n'kumatulukira. Nthawi zambiri ankangochikankha ndi dzanja n'kubwerera. Koma chaka chatha chinawagwira ali m'mwamba mwa mtengo, ndipo anakakamira nthambi kuyambira masana mpaka dzuwa litapendeka, akulephera kutsika. Atachira anapita kuchipatala ndi miyendo yawo, anapatsa moni aliyense mpaka wosesa, ndipo anauzidwa kuti odikira opaleshoni ndi ambiri, adzabwerenso. Tsopano mvula inali itatha, maluwa achikasu anali mbuu m'mapiri monse, nthawi yofula uchi inali pafupi, ndipo Kulani, mwana wawo wamkazi, ankadziwa kuti bambo akewo akwera mitengo ndithu, kaya ndi chotupa kaya popanda.

Kulani ankagulitsa khofi pafupi ndi depoti ya mabasi. Munthu wogulitsa khofi amamva nkhani zonse za m'dziko, koma vuto lake amazimva theka-theka, chifukwa wofotokozayo akamaliza kapu amanyamuka. Pamenepo m'pamene anaphunzira kuti kuchipatala ukalowa ndi miyendo yako utulukanso ndi timapiritsi m'thumba. Amene amathandizidwa msanga, anatero madalaivala, ndi amene walowa atanyamulidwa. Kulani sanafunse wina aliyense. Anabwereka chikuku kwa neba wake, ndipo mumtima mwake ankadziyamikira kuti banja lawo lili ndi munthu mmodzi woganiza.

"Pukutani matopewo, muvale masokosi awa. Khalani apa."

"Ndikhale m'ngolo ngati thumba la khofi?"

"Khalani, Ababa. Mverani bwino. Musadzuke pokhapokha wina akugwireni. Manja anuwo abisike m'nsalumo. Akakufunsani kanthu, mutsokomole, ndiyankha ndine. Ndiponso musamayang'ane anthu m'maso ngati mukufuna kuwagula ng'ombe."

A Wakjira anang'ung'udza, komabe anakhala. Kulani anawafunditsa gabi, nsalu yochindikala ya thonje ija, mpaka kunangotsala mphuno ndi ndevu. Akudutsa pabwalo, nkhalambayo inadzutsa mutu n'kutchera khutu.

"Pali njuchi pano. Zikufuna nyumba."

"Wodwala sayang'ana kumwamba," anatero Kulani, n'kuwaweramitsa mutu.

Dokotala wake anali mayi wachitsikana, Lalise, wa nkhope yabwino koma yotopa. Pambali pake panali namwino wachikulire, Sisitala Tsehaynesh, mayi wojintcha amene anagwira ntchito m'chipatalamo kuyambira dokotalayo asanabadwe. Dokotala anagwira chotupacho, anagwedeza mutu, kenako anatulutsa pepala lokhala ndi tizithunzi tisanu ndi tinayi. Woyamba anali munthu akuthamanga, apakati anali ndi ndodo, ndipo womaliza anali gone pabedi.

"Agogo, muli ndi zaka zingati?"

A Wakjira anatsokomola monga anauzidwa. Pakhadi panalembedwa 76, koma Kulani anaona kuti n'zochepa.

"Khadilo linalakwika, adokotala. Ali ndi 88."

"Amayenda?"

"Kuchoka pabedi kufika pakhomo. Tikachita mwayi."

"Kudya?"

"Masupuni awiri. Wachitatu timachita kuwanyengerera."

Bambo ake, amene dzulo lake ayenera kuti anamaliza okha injera, buledi wopyapyala wa kwawoko, ya anthu atatu, anatsokomolanso, ndipo ulendo uno chifuwacho chinamveka ngati kuseka. Zinthu zinkayenda bwino. Kulani anayamba kumva kukoma, ndipo bodza likayamba kukoma silidziwa polekezera.

"Nanga kusamba, amasamba okha?"

"Aa, ayi ndithu. Ndimawasambitsa ndine. Zaka ziwiri tsopano."

Apa a Wakjira sanatsokomole. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana mwana wawoyo. Kulani anayang'ana kukhoma.

Dokotala anawapempha kuti aimirire ndi kukhala kasanu. A Wakjira anadzuka kamodzi, akunjenjemera mopitirira muyeso ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene, n'kugweranso m'chikuku. Dokotala anawapatsa kachitsulo koti afinye, ndipo anakagwira ngati dzira. Pamene zonsezi zinkachitika, Sisitala Tsehaynesh ankawayeza kuthamanga kwa magazi. Anapinda gabi, anayang'ana mkonowo kwa nthawi yaitali, anatembenuza chikhatho, ndipo Kulani anamuona akununkhiza ndevu zawo.

Dokotala anazunguliza mzere pa kachithunzi kachisanu ndi chiwiri. Mtima wa Kulani unadumpha. Seveni pa naini! Kusukulu sanapezepo malikisi otere.

"Mayi," anatero dokotala ataika cholembera pansi, "ndikuuzeni zoona. Opaleshoni imeneyi sitichita."

"Mwati?"

"Chotupachi si chovuta, ndakonzapo zambiri. Chovuta si mpeni, koma kudzuka pambuyo pake. Munthu wolimba amagona tsiku limodzi kapena awiri n'kudzuka. Munthu wofooka chonchi akagona, miyendo imaiwala ntchito, chifuwa chimadzaza, mutu umasokonezeka, ndipo ena sadzukanso. Agogowa alibe mphamvu zapadera zoti thupi likatapeko. Popeza sayenda kutali ndipo sanyamula kanthu, chotupachi sichiwavutitsa kwambiri. Tiwapatsa lamba womangira. Apite akapume."

Kulani anangoti kukamwa yasa. Nyumba yonse imene anamanga inali yopanda khomo.

"Adokotala, komatu masiku ena amapezako bwino."

"Ndikudziwa."

"Ayi, ndikutanthauza kuti... amayenda. Amayenda kwambiri. Lero lomwe atsika phiri wapansi. Akankha basi! Ndinanama ine, adokotala, zonse zija ndinanama. Amakwera mitengo!"

Dokotala anamuyang'ana ndi chisoni chenicheni, ndipo chisonicho n'chimene chinamupweteka kwambiri Kulani.

"Mchemwali wanga, aliyense amene ndamukaniza amanena zomwezo. Mphindi imodzi bambo sadzuka, mphindi yotsatira bambo amalima maekala atatu. Chaka chatha kunabwera agogo ena atavala jekete, ana awo analumbira kuti amadula okha nkhuni. Ndinawakhulupirira. Sanatuluke muno ndi miyendo yawo, ndipo nkhope yawo ndimaionabe. Sindidzabwerezanso."

"Ababa, dzukani! Dzukani muwaonetse!"

A Wakjira anadzikuta bwino ndi gabi wawo. Anayankhula koyamba chilowereni m'chipindamo, ndi mawu ofewa ngati a munthu amene watsala pang'ono kutsirizika.

"Ine? Ndidzuke? Munthu wochita kusambitsidwa?"

"Ababa, chonde!"

"Zaka ziwiri, adokotala. Mwana wabwino ameneyu. Mpaka kumsana amandikhula."

Kulani anawadziwa bambo ake. Za masupuni awiri akanaziseka chaka chonse, za zaka 88 akanazinyadira. Koma mwamuna amene anaika mkazi wake m'manda n'kulera yekha ana anayi osapempha munthu ngakhale madzi, kumunena pamaso pa akazi awiri achilendo kuti amasambitsidwa ndi mwana wake wamkazi, chimenecho chinawalasa. Tsopano anali okonzeka kubwerera kumapiri ndi chotupa chawo, kukagwa nacho mumtengo, kusiyana n'kumuchotsa manyazi. Misozi inalengeza m'maso mwa Kulani, ya mantha ndi ya mkwiyo pamodzi.

"Dokotala," anatero Sisitala Tsehaynesh akupinda chingwe cha makina ake, "mkono uwu mwauona?"

"Ndaona pepala, Sisitala. Ndaonanso mmene adzukira."

"Pepala lija limalemba zimene lauzidwa."

"Ndiye ndichite chiyani? Ndiyambe kulosera ndi maso? Maso ndi amene anandinamiza chaka chatha."

"Chabwino," anatero namwinoyo. "Ndiwaperekeze. Bweretsa kuno chikukucho, mwana iwe, ukugwetsa nkhalamba ndi misozi yakoyo."

Sanawatulutsire khomo limene analowera. Anati pali njira yachidule, koma njira yakeyo inazungulira kuseri kwa khitchini, kudutsa pa zingwe zoyanika nsalu, mpaka inakafika pa mtengo waukulu wa mapeyala umene unali pafupi ndi chipinda cha amayi oyembekezera. Pansi pa mtengowo panalibe munthu. Amayi onse anali ataunjikana pakhonde chapatali, akuloza m'mwamba. Pa nthambi ina, pamwamba kuposa denga, panalendewera chigulu cha njuchi, chakuda bii, chachikulu ngati mwana wa mbuzi.

Sisitala anaimika chikuku pamalo oonekera bwino, n'kuitana mlonda ndi mawu oti amveke mpaka kumsika.

"A Fufa! Palafini uja mwamupeza?"

Mlondayo anabwera akukanda m'mutu. "Palafini utinso, Sisitala?"

"Wotenthera njuchizi! Zakhala pano chiyambire dzulo. Mangani sanza kunsonga kwa mtengo, muviike, muyatse. Zipse zonse, isatsale ndi imodzi yomwe."

"Koma si munati tidikire munthu wodziwa..."

Sisitala anawaponda phazi. A Fufa anameza mawu otsalawo, anayang'ana nkhalamba ya m'chikuku, ndipo nzeru zinawafikira.

"Eya, palafini! Alipo wambiri. Ndikatenge machesi."

M'gabi muja munamveka kubuula.

"Kutentha?" anatero a Wakjira.

"Musadandaule, agogo," anatero Sisitala. "Sizichedwa. Zimangoti thetheee, basi. Inu khalani phee, ndinu odwala."

"Kutentha njuchi zimene zabwera zokha? Mdalitso wabwera pakhomo panu, inu mukuthamangira machesi? Kodi anthu a m'tauni munabadwa bwanji?"

"Nanga titani? Wokwera palibe. Achinyamata onse akuopa."

A Wakjira anayang'ana njuchi, anayang'ana Kulani, anayang'ananso njuchi. Kulani anaona ndi maso ake mkwiyo ndi chikondi zikulimbana pankhope ya bambo ake. A Fufa anatulukira pakona akugwedeza bokosi la machesi kuti limveke.

Gabi anagwa pansi. Masokosi anatsatira.

"Iwe wamachesi, taya zimenezo, undipezere katoni. Kulani, madzi m'beseni ndi kanthambi ka masamba. Mayi inu, ndibwerekeni nsalu yaitali."

Anamanga nsalu ina zolimba m'chiuno pamwamba pa chotupa, inayo anamangira katoni kumsana ngati mwana. Analavulira m'manja. Kenako anthu onse a pakhonde anaona munthu wa zaka 88, wodya masupuni awiri, akukwera mtengo wa mapeyala mosapupuluma, phazi apa, dzanja apo, ngati akukwera masitepe a nyumba yake. Atafika anawaza njuchizo madzi pang'ono ndi masamba aja, akuyankhula nazo motsitsa. Anaika katoni pansi pa chigulucho, anagwira nthambi, n'kuigwedeza kamodzi kokha. Chigulu chonse chinagwera m'katoni, khu!

Amayi oyembekezera anaimba nthungululu. Zenera lina linatseguka mwamphamvu.

"Ndani walola munthu kukwera pamenepo?" anakuwa Dokotala Lalise. "Tsikani! A Fufa, mutsitseni ameneyo!" Kenako anaphimba maso ndi dzanja kuti aone bwino. "Sisitala... ameneyo ndani?"

"Ndi seveni wanu uja, dokotala," anayankha Sisitala Tsehaynesh. "Ali pa nthambi yachitatu."

Pamene dokotala ankafika pansi pa mtengo, wefuwefu, a Wakjira anali atatsika. Anali atagwada, dzanja lili m'katoni mpaka m'chigongono, njuchi zikuyenda pamkono pawo ngati pakhomo pawo. Anatulutsa imodzi yaitali kuposa zinzake n'kuionetsa.

"Mayi wa nyumba ndi uyu. Akakhala, onse akhala. Iwe wamachesi, mawa ukapeze mng'oma, ndikuonetsa pouika. Chaka chamawa odwala anu adzamwa tiyi wa uchi."

"Agogo," anatero dokotala, "mukudziwa kuti matumbo aja akanatha kukanirira muli m'mwambamo?"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinabwera."

Dokotala anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala m'chikuku muja, chifukwa panalibe mpando wina pafupi. Ataupeza mpweya anatembenukira kwa namwino uja.

"Munadziwa bwanji?"

"M'zikhadabo muli phula, m'ndevu muli utsi, ndipo mkonowo lamba wa makina anachita kuperewera. Munthu wogona zaka ziwiri sakhala ndi zikhatho zotere. Koma ndikanakuuzani, mukanati ndikulosera."

"Ndikanaterodi," anavomera dokotala. "Ndinaona chikuku chikulowa, ndiye ndinayamba kuyeza chikukucho."

Anabwerera m'chipinda chija, a Wakjira ali patsogolo, Kulani akukankha chikuku chopanda munthu. Dokotala anatulutsa pepala latsopano n'kunena kuti ulendo uno ayankhe ndi mwini wake, ndipo wina aliyense akatsegula pakamwa atuluka. A Wakjira anaimirira ndi kukhala kasanu dokotala asanayang'ane n'komwe wotchi, n'kufunsa ngati pali zina. Kachitsulo kaja anakafinya mpaka kanalira. Dokotala sanalekere pomwepo. Anawamvetsera mtima ndi chifuwa, anawafunsa tsiku ndi mwezi, anawafunsa ngati anagwapo, ndipo anapeza kuti khutu lakumanzere silimva bwino komanso mano atsala asanu ndi limodzi.

"Si inu mnyamata, agogo, musadzinamize. Koma mphamvu zapadera zija muli nazo." Cholembera chinaima pa kachithunzi koyamba.

"Ameneyo ayi," anatero a Wakjira. "Akuthamanga. Ine sindithamanga, sindinabe kanthu."

Dokotala anazunguliza kachiwiri. Kenako anayang'ana Kulani.

"Chaka chatha anawabweza chifukwa mzere unali wautali, osati chifukwa anayenda. Dzina lawo linali m'buku, ndipo nthawi yawo inali itakwana. Mukanangolowa n'kupereka moni."

"Safunsa anadya phula," anatero a Wakjira akuyang'ana kudenga. "Ndipo ndi mwana wa mlimi wa njuchi."

Kulani anaseka nawo, misozi ili mbwembwembwe, koma ankadziwa kuti nkhani ya kusamba ija sinathe. Masiku atatu odikira opaleshoni bambo ake anagona kunyumba kwake, anadya, anacheza ndi adzukulu, koma m'mawa uliwonse ankatunga okha madzi, osalola kuti iye agwire ngakhale ndowa.

Opaleshoni inachitika Lachinayi, ndipo inayenda bwino. Lachisanu m'mawa Kulani anafika ndi khofi m'fulasiki, napeza bambo ake atakhala tsonga pabedi, akukangana ndi wodwala mnzawo za mitengo imene imatulutsa uchi woyera. Anali atayenda kale kawiri mpaka pazenera kukaona mng'oma wa a Fufa. Sisitala Tsehaynesh analowa ndi beseni la madzi ndi kansalu, n'kuziika pampando.

"Lero osawerama, osapotokola thupi. Wina akupukuteni. Ndiitane mnyamata wa m'wodi, kapena pali wachibale?"

Kulani anayang'ana pansi. Anamva bambo ake akupuma mozama, ndipo anayamba kutolera chikwama chake kuti atuluke.

"Ukupita kuti?" anatero a Wakjira. "Bwera kuno. Bodza lako lisapite pachabe."

Sisitala anakoka katani n'kuchoka. Kulani anawavula malaya pang'onopang'ono. Anali asanauonepo pafupi msana wa bambo ake chikulireni. Unali ndi zipsera za zingwe ndi makungwa, ndipo mapewa anali adakali otakata, koma khungu linali lopyapyala, lofota, ndipo nthiti zinkawerengeka. Apa m'pamene anaona kuti bambo ake akalambadi, osati monga anawanamizira, koma mwa njira yawoyawo, ndipo kuti tsiku lina funso la dokotala lija lidzakhala ndi yankho lomwe lija popanda kunama. Anawakonda kwambiri pa nthawi imeneyo. Anaviika kansalu, anakafinya, n'kukaika pakati pa mapewa.

A Wakjira anadzidzimuka.

"Iii! Madzi ozizira chonchi?" anakuwa kuti wodi yonse imve. "Zaka ziwiri ukundisambitsa, mwana iwe, mpaka lero sunaphunzire?"